Ndinamwera Kachasu Chitenje cha Malemu Rozina

Ayi, manja amenewo asungeni kaye, musandiombere. Mukamva zimene ndinachita, mwina muwafunira ntchito ina. Ambuye Yesu atamandike m'nyumba muno. Inu amayi ndi abambo amene mwatsalira Misa itatha kuti tikambirane za vuto lathuli la mowa, zikomo pondipatsa mpata. Ndinena zonse, chifukwa ndikabisako ndiye kuti ndangobwera kudzakutayitsani nthawi.

Ndine Nambewe, wa kuseri kwa phiri uko mukamalowera ku Malomo. Ntchito yanga ndi yosoka zidole kunyumba. Ndimasoka ana ansalu ovala diresi ndi duku, komanso zidole zaubweya zija za makutu obulungira zimene ana amati tedi. Ubweyawo ndimaupeza m'majekete akale a pakaunjika. Ndimajambula mutu, mimba ndi miyendo pakatoni, n'kudula, n'kuika pansalu, n'kuzunguliza ndi choko. Ndimasoka chakumbuyo, ndimasiya kabowo pamsana, kenako ndimatembenuza n'kuyamba kukankhiramo thonje ndi kamtengo mpaka zala zakumiyendo zitadzaza. Maso sindiika a mabatani, khanda lingameze. Ndimasoka ndi ulusi, pamanja. Nkhope ndiye ntchito yeniyeni, amayi. Diso limodzi likangokwera pang'ono, chidole chimaoneka ngati chikukuzonda, ndipo mwana sachinyamula.

Ndinali katswiri, izi ndiye sindichita nazo manyazi. Aphunzitsi a sukulu za mkaka ankachita kundilondola kumudzi. Nthawi ya Khirisimasi ndinkapita kumsika ndi thumba lodzaza, pobwera lopanda kanthu.

Musayembekezere kuti ndinena kuti amuna anga ankandimenya, kapena kuti ndinaferedwa. Ayi. Bambo akunyumba ndi munthu wofatsa, wa fodya wake ndi mtedza wake. Ine chinandiyambitsa ndi kuzizira basi. Mukumudziwa Juni wa kumapiri kuno, zala zimauma gwaa, singano osagwirika. Mnzanga wina pamsika anati, “Katoti kamodzi, mayi, zala zimasuka.” Zinamasukadi. Juni anatha, Okutobala anafika, anthu akutuluka thukuta, ine ndikadali kumasula zala.

Zinathamanga kuchokera pamenepo. Tedi wina anatuluka khutu lili pakhosi. Wina ndinamusokera miyendo iwiri yakumanzere. Aphunzitsi aja anasiya kubwera. Ndalama zitasowa ndinayamba kunyamula katundu wa m'nyumba kupita naye kwa aNachisale, mayi amene amatcheza kachasu kutsidya kwa dambo. Munthu ukapanda ndalama, iwo amalandira chimene wabwera nacho. Inapita ndowa, inapita sizasi yaikulu, unapita mtedza wambewu. Makina osokera anapulumuka chifukwa ndi olemera, sindikanatha kuwasenza ndekha. ANachisalewo sindikuwanena ayi. Sanabwerepo pakhomo panga kudzandikoka dzanja, ndinkapita ndi miyendo yangayi.

M'chaka chachiwiri cha kumwa kwanga, mumphakati mwathu munamwalira mayi wina, Rozina. Anasiya mwana mmodzi wamkazi, Tadala, wa zaka zisanu. Monga mwa mwambo wathu mwanayo anatsala kuchikazi, m'manja mwa Agnesi, mng'ono wake wa malemu.

Patatha mwezi ndi theka chiikireni maliro, Lachitatu m'mawa, ndinamva odi. Anali Agnesi ndi mwana uja. Mwanayo anali atakumbatira chitenje chabuluu cha mawanga oyera ngati a nkhanga, mbali ina ikukwekwereka pansi.

“ANambewe, ndabwera ndi vuto,” anatero Agnesi. “Chitenje ichi n'chimene achemwali ankamuberekera. Sachisiya. Kumjigo ali nacho, kuchimbudzi ali nacho, pogona ali nacho. Dzana nsonga yake inagwira moto kukhitchini, ndinachita kuzima ndi manja. Tsiku lina adzapsa nacho mwana ameneyu. Ndiye ndimati mumusokere chidole, muchiveke nsalu yomweyi, kuti aziyenda nacho chonyamulika.”

Agnesi ankadziwa kuti ndimamwa. Mudzi wonse unkadziwa. Koma ankaganiza kuti ngakhale chidakwa chili ndi malire, ndipo kuti chinthu cha malemu palibe angachiseweretse.

Ndinanyonyomala pamaso pa mwanayo, ndinamuonetsa chidole china chimene chinatsala pawindo. Ndinati, “Taona, Tadala. Ndikusokera mwana wonga uyu, koma wako adzavala diresi la amayi ako, duku la amayi ako, ndi kambereko kake.”

Anandiyang'ana. Kenako anafunsa, “Mubweretsa liti?”

“Loweruka.”

“Loweruka ndi liti?”

“Ugone katatu.”

Anawerenga tizala take titatu. Ndiye anachipinda yekha chitenje chija, mopinda mwa mwana, n'kundipatsa ndi manja awiri. Palibe anamulanda. Anachita kundipatsa yekha.

Masana a tsiku lomwelo pakhosi panayamba kundiyabwa. Ndinazungulira m'nyumba, munalibenso chonyamula. Maso anagwera pachitenje chija, chili pamakina. Anzanga, munthu asakunamizeni kuti mowa unamuiwalitsa. Ine ndinali ndisanamwe ngakhale dontho. Ndinkadziwa kuti ndi cha ndani, ndinkadziwa amene wandipatsa, ndinkawakumbukira manja awiri aja. Ndinachilowetsa m'jumbo, ulendo kutsidya kwa dambo.

ANachisale anachitambasula, anati, “Chabwinotu ichi. N'chandani?”

Ndinati, “N'changa, chakalekale.”

Anandipatsa botolo limodzi. Limodzi lokha, ndipo dzuwa lisanalowe linali litatha.

M'mawa mwake mantha anandigwira. Ndinagwira nkhuku ya bambo akunyumba iwo ali kumunda, ndinagulitsa, ndinathamangira kwa aNachisale kuti ndikachiwombole. Anakana, anati chawakomera ndipo malonda sabwerera. Ndikanangonena kuti “n'cha malemu,” akanachiponya pansi nthawi yomweyo, pakuti ndani angavale chovala cha wakufa chimene abale ake sanamugawire? Koma ndinaopa manyazi ang'onoang'ono pamaso pa mayi mmodzi.

Ndiye ndinakwera kabaza mpaka ku Malomo. Ndinayenda sitolo ndi sitolo mpaka ndinapeza chitenje chofanana ndendende, buluu yemweyo, mawanga omwewo. Kunyumba ndinachinyika m'madzi aphulusa, ndinachimenya pamwala, ndinachikwekwereza pabwalo, ndinachiyanika padzuwa kuti chifwifwe. Nsonga imodzi ndinaiwotcha ndi khala. Onani nzeru zimene ndinali nazo pochita choipa! Ndipo chidole chimene ndinasoka masiku awiri amenewo chinali chokongola kuposa zonse zimene ndinasoka zaka ziwiri. Nkhope yake inali yowongoka bwinobwino, kukamwa kukumwetulira. Mumtima ndinkati, aa, mwana wa zaka zisanu adziwa chiyani.

Loweruka ndinapita nacho. Ndinapeza Tadala atakhala pamphambano ya njira, akudikira. Anachilandira, anachitembenuza, anakweza diresi, anamasula duku, anatambasula kambereko. Ndiye anati, “Pa ulusi wofiira pali kuti?”

Kani chitenje chenichenicho chinang'ambikapo m'mphepete, ndipo Rozina anasokapo ndi ulusi wofiira. Ine telala wamkulu sindinapaone, koma mwana ankapadziwa.

Ndinati, “Pamenepo ndinadula, mwanawe.”

“Zodulazo zili kuti?”

“Ndaziika m'mimba mwa chidolechi, kuti zisatayike.”

Anachiyang'ananso kamodzi, n'kuchiika pansi. “Si cha amayi ichi.”

Agnesi anachita manyazi kwambiri. Anati, “Iwe Tadala! ANambewe avutika masiku atatu chifukwa cha iwe, ndiye ukuwayesa abodza? Tola msanga, unene zikomo!”

“Si cha amayi.”

Agnesi anamuwaza khofi. Mwana wamasiye, mwezi ndi theka chimwalirireni mayi ake, anamenyedwa chifukwa chonena zoona. Ndipo mukudziwa zimene ndinachita ine? Ndinamugwira dzanja Agnesi, ndinati, “Musiyeni, ndi mwana, azolowera.” Ndinadzisandutsa munthu wachifundo pamenepo. Agnesi mpaka anandithokoza, anandiperekeza, anandipatsa ndi mbatata. Mbatata imeneyo ndinailandira, amayi. Ndinadya.

Patapita masabata awiri ndinali kuchigayo, dzuwa lili paliwombo. Anthu anali ambiri, matumba ali pamzere. Ndinakhala pathumba langa mutu ukuwawa ndi matsire. Agnesi analipo, ali kutsogolo kwanga, Tadala atakhala pambali pake, manja opanda kanthu. Ndinamva kuti chidole chija sanachigwirenso, ndipo chakudya ankachita kumukakamiza.

Ndiye anafika aNachisale, thumba pamutu. Anatembenuka kuti atule, msana uli kwa ife. M'chiuno anali atamanga chitenje chija. ANachisale ndi wamtali, woonda, msinkhu womwewo wa malemu Rozina.

Ndinamuona Tadala akudzuka. Sanathamange nthawi yomweyo, anayamba waima kaye, kukamwa kuli yasa. Kenako analiyatsa liwiro pakati pa matumba, akukuwa, “Amayi! Amayi!” Anakawakumbatira miyendo chakumbuyo, nkhope yake n'kuikwirira m'chitenje muja.

ANachisale anadzidzimuka, anacheuka. Mwana anakweza maso. Ndinaiona nkhope ya mwana ameneyo pamene anazindikira kuti si mayi ake. Sindingathe kukufotokozerani, ndipo sindifuna.

Koma sanataye. Tizala take tinayenda m'mphepete mwa nsalu mpaka tinapapeza. Anati, “Ulusi wofiira uwu! N'cha amayi ichi!”

Agnesi anathamangira pomwepo, akupepesa. “Pepani amayi, pepani, ndi wamasiye uyu, mutu sukumuyenda bwino. Zitenje zimafanana.” Anamukoka, mwana osataya. Anamukokanso, osataya. Anamumenya padzanja, phaa.

ANachisale anangokweza maso n'kundiyang'ana ine.

Apa ndimafuna mumvetse bwino, chifukwa anthu ena pofotokoza nkhaniyi amandikometsera, amati aNambewe analimba mtima. Bodza. Ndinayang'ana kuseri kwa chigayo, kumene kuli kanjira kolowera m'chimanga, ndinayeza kuti ndingadutse anthu asanandione. Ndinali nditadzuka kale, phazi limodzi litaloza kumeneko. Khofi la padzanja lija linatsika ine ndikuganiza zothawa. Agnesi anakwezanso dzanja, ndipo mwana uja anatsinzina, anabisa mutu m'mapewa kudikira kuti limugwere, koma zala zake zili gwa pa ulusi wofiira. Anali wokonzeka kumenyedwa kangati konse, koma osataya. Mwana wa zaka zisanu. Ine mayi wa zaka makumi anayi ndi mphambu, ndikuopa maso a anthu.

Mawu anatuluka ngati si anga. “Agnesi, usamumenye. Mwanayo sakunama.”

Onse anatembenukira kwa ine.

“N'cha Rozina chimenecho. Ndinasinthanitsa ndi kachasu tsiku lomwe munabwera nacho. Chili pachidole chija ndinagula ku Malomo.”

Mayi wina anati, “Mayo ine!” Wina anagwira pakamwa. ANachisale anachimasula chitenje chija ngati chili ndi moto, anatsala ndi siketi yamkati pagulu pamenepo. Anati, “Nambewe, wandiveka maliro ine? Masabata awiri ndikugona nacho, ndikuphika nacho! Ndinakulakwira chiyani?”

Agnesi sananditukwane. Bola akananditukwana. Anatola chitenje, anamubereka nacho mwana uja ngakhale anali wamkulu, n'kumapita. Chimanga chake anachisiya pamzere pomwepo. Ine ndinasenza thumba langa losagaya kubwerera kunyumba, ndipo njira yonse palibe anandipatsa moni.

Tsopano za kubwerera, pakuti ndi zimene ena mwa inu mwadzera.

Ndinayamba ndi kuwauza bambo akunyumba ndekha, asanamve kwa anthu. Ndinawauzanso za nkhuku, za mtedza, zonse. Nditamaliza anati, “Mawa tivale, tipite kwa eni maliro.” Tinapita ndi nkhuku kwa atsibweni ake a Rozina, amene ndi mwini mbumba. Ndinagwada, ndinanena mlandu wanga ndi pakamwa panga, osati kudzera mwa bambo. Anandidzudzula mawu amene sindingabwereze m'nyumba ya Mulungu muno, ndipo onse anali ondiyenera. Nkhuku analandira. Tinapitanso ndi ina kwa aNachisale, chifukwa iwonso ndinawalakwira. Ndinawapempha pamaso pa anthu kuti asadzandigulitsenso mowa. Anati, “Zimenezo usachite kupempha. Ngakhale utabwera ndi ng'ombe.”

Masiku oyamba osamwa thupi linandiukira. Kusanza, thukuta, manja kunjenjemera ngati nkhalamba. Apa musachite ukatswiri, pitani kuchipatala. Ine anandiperekeza alamu anga, ndinawauza anamwino zoona zake kuti ndimamwa kachasu tsiku ndi tsiku, ndipo anandithandiza. Alamu angawo anakhala nane pakhomo milungu itatu, ndikati ndikupita kumjigo iwonso atenga ndowa. Zinkandinyansa, ndinkawalalatira, koma lero ndimawathokoza.

Mwezi wathunthu sindinathe kulowetsa ulusi pasingano. Telala wosatha kulowetsa ulusi! Ndinkalira. Koma manja sindinawasiye opanda ntchito, chifukwa manja a chidakwa akakhala chabe amayamba kufufuza m'nyumba. Ndinkachapa thonje, ndinkadula tizigamba, ndinkajambula makatoni atsopano. Tedi woyamba amene ndinamaliza anali wopindika pakamwa, koma ndinamusoka ndili bwinobwino.

Ndinakalapa kwa abambo mfumu. Ndinasintha njira yopitira kumsika, ndimazungulira kumtunda ngakhale ndi kutali, kuti ndisadutse kudambo kuja. Makina ndinawatulutsa kuchipinda, ali pakhonde poyang'ana msewu, kuti aliyense wodutsa aziona ngati Nambewe ali pantchito kapena wasowa. Kukazizira ndimaika beseni la madzi otentha pambali, ndimanyikamo zala. Kani mankhwala ake anali omwewo kuyambira kale. Ndipo ndinadziikira lamulo: nsalu ya munthu sigona m'nyumba mwanga. Mwini wake amakhala pompo, ndimadula akuona, zotsala amabwerera nazo. Ena amati ndikuwonjeza. Ine ndimadzidziwa.

Ndinagwapo kamodzi, sindibisa. Paukwati wa mwana wa achimwene, patatha miyezi inayi. Wina anandipatsa kapu, ndinalandira. M'mawa mwake ndinapita ndekha kwa amayi a mumphakati kukawauza. Mukagwa nenani tsiku lomwelo, chifukwa mukabisa kamodzi mwayambiranso. Kuchokera tsiku limenelo papita chaka ndi miyezi isanu.

Anthu anayamba kubweranso. Agnesi anayamba kundiyankha moni. Ine ndinkaona ngati nkhani yatha. Koma mwezi wathawu, ndikusoka maso a chidole china, chinthu chinandilasa mumtima. Ndinagwadira atsibweni, ndinagwadira aNachisale, ndinagwadira abambo mfumu. Nkhuku anadya akuluakulu. Nanga amene anamenyedwa uja? Kwa iye sindinanenepo kanthu.

Ndinapita kwa Agnesi, ndinamuuza kuti ndikufuna kupepesa kwa Tadala. Anaseka. Anati, “Aa, aNambewe, mwana amapepesedwa? Nkhani inatha kalekale imeneyo. Waiwala uyo.”

Ndinati, “Ndiloleni basi.”

Ndinamupeza kuseri kwa nyumba akusenda mtedza m'lichero. Pano ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ali sitandade 2. Chitenje chija sayenda nachonso, Agnesi anati chimangokhala chopinda m'chikwama. Ndinagwada pansi pafumbi, maondo onse awiri, monga ndinagwadira atsibweni. Mwanayo anadabwa, anayang'ana kumbuyo kwake kuona ngati pali wamkulu.

Ndinati, “Ndagwadira iwe, Tadala. Ndinakubera chitenje cha amayi ako. Ndinakunamiza. Unamenyedwa kawiri chifukwa cha ine, pamene iwe unkanena zoona. Pepa, mwanangu. Ndikuthokoza Mulungu kuti chinabwerera kwa iwe.”

Anapitiriza kusenda. Ndiye anati, osandiyang'ana, “Sichinabwerere.”

Ndinati, “Bwanji? Si chili m'chikwama?”

“Tsiku lija anthu ankachapa zovala za amayi kudambo kuti azigawane, ine ndinachibisa m'nkhokwe. Chinali chosachapa. Chinkanunkhira amayi.” Anaswa mtedza wina, n'kuponya makoko pansi. “Amayi a kuchigayo aja anachichapa. Pano chimangonunkha sopo.”

Abale anga, ndinakhala chogwada pamenepo, iye akusenda mtedza wake. Sanandithamangitse, komanso sananene kuti wandikhululukira, ndipo ine sindinamupemphe kuti anene. Patapita nthawi ndinadzuka ndekha, ndinasasa fumbi m'maondo, ndinabwerera kunyumba.

Mukamandipempherera, muyambe mwapempherera mwana ameneyo. Ndipo ngati alipo pano amene ali ndi kanthu m'thumba kamene si kake, amene akuganiza kuti potuluka muno adutsa nako penapake asanafike kunyumba, ndakugwirani mwendo, kabwezeni lero lomwe kakadali ndi fungo la mwini wake. Ine ndathera pamenepa.